Pumani Kaye, Achimwene

Sekani ndithu, ana inu, mano akadali odzaza m'kamwa. Ndakuona iwe Tadala ukutsina mlongo wako, eti agogo ayamba zawo zija, akufufuma ngati chule. Mbale ikangofika inu mumagwera pomwepo, dzanja lina pachakudya lina pafoni, pamene ine ndimayamba ndamasula lamba, n'kuika dzanja pamimba, n'kukoka mpweya kasanu ndisanakhudze kanthu. Amayi anu anakuuzani kuti ndi ukalamba. Ananama, ngakhale sananame dala. Ndinayamba zimenezi tsitsi langa lili bii, ndipo poyamba sizinali zanga n'komwe. Zinali za achimwene anga a Yotamu, amene inu simunawaonepo ngakhale pachithunzi, chifukwa moyo wawo wonse sanaimepo pamaso pa wojambula.

Lero ndikuuzani. Mafoniwo ayambe agona.

Tinabadwa amuna awiri okha m'mimba mwa amayi athu, iwo oyamba, ine wotsatira patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Tinakulira kumtunda ku Dambe, kumene nkhungu imakupeza uli pakhomo pako, ndipo mwamwayi tinakwatira mudzi umodzi, nyumba zathu n'kuyang'anizana. Tinkalima tirigu ndi mbatata ya kachewere. Inu tirigu mumamudziwa ali kale buledi wa m'sitolo. Ife tinkamumweta ndi chisikilo titawerama tsiku lonse, kumanga mitolo, kukapuntha ndi ndodo pathanthwe, akazi akuuluza ndi malichero, mankhusu n'kumakuyabwa m'khosi sabata yathunthu. Wina tinkasiya wakudya, agogo anu aakazi n'kupera pamphero, kuphika timikate mumphika wadothi, makala pansi makala pamwamba. Fungo lake silili m'sitolo iliyonse, musandiyang'ane choncho. Pa ntchito yonseyo achimwene analibe mnzawo. Anali munthu wamfupi wa mapewa otambalala, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka, ndipo chinthu chimodzi chimene chinkawakanika ndi kudikira.

Kudya nakonso ankadya choncho. Masiku amenewo kunalibe zoti aliyense mbale yake. Amuna tinkakhala pathu, anayi kapena asanu, mbale ya ndiwo imodzi, ndipo wochedwa kutafuna ankatsala ndi msuzi. Achimwene sankatafuna ayi, ankangomeza. Kumunda ankadya chiimire, khasu litatsamira mwendo. Amayi athu anawakalipira kuyambira ali aang'ono kuti chakudya chilibe miyendo, sichithawa, koma iwo sanamve.

Mimba inadzawabwezera atabereka mwana wachitatu. Chinayamba chilungulira, kenaka kugeya kowawasa, kenaka kupotokola koti akatha kudya ankakagona pansi pa mtengo wa pichesi atadzipinda, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Akazi awo, alamu anga a Nangondo, anayesa zonse zimene anthu ankanena: mizu yowawa, madzi a phulusa, makala osinja. Munthu ankangotha. Tsiku lina ndinawaona akulephera kudzutsa thumba limene kale ankaliponya paphewa akuimba, ndipo ndinati, "Achimwene, mawa tikupita ku Matandani, mufune musafune."

Tinalawira m'mamawa, kutsetsereka mapiri, iwo akukhala pansi pafupipafupi, ndipo tinafika dzuwa lili paliwombo. Kuchipatala kumeneko kunali bambo wina wochokera kumpoto, wamtali, wa magalasi, amene tonse tinkangomutchula kuti adokotala. Chichewa chawo chinali chopindikapindika, moti ana ankawatsanzira akangopotoloka. Anawapima achimwene n'kuwapatsa botolo la mankhwala oyera ngati mkaka. Tinathokoza, n'kutuluka kukakhala pakhonde kuti tidye kamba wathu wa mbatata yootcha. Sitinadziwe kuti adokotala aja akutiyang'ana pazenera.

Anatuluka. "Bambo, mbatata ija yapita kuti?"

"Ndadya," anatero achimwene.

"Mwadya kapena mwaponya m'dzenje? Botolo ndakupatsanilo litha sabata imodzi. Likatha mudzabweranso, chifukwa matenda anu akuyambira pa liwiro."

Anakhala pansi pomwepo pafumbi, ndi malaya awo oyerawo. "Khalani mowongoka. Masulani lamba. Dzanja apa, pamchombo. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba ikankhe dzanjalo. Osati chifuwa, mimba. Eya, choncho. Tsopano tulutsirani pakamwa, mosafulumira, ngati mukuuzira phala la mwana. Muzitero kasanu musanadye, ndipo muzitafuna. Mimba ya munthu wothamanga imakhala yokungika, siilandira mlendo. Muziyamba mwaodira."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndayenda mtunda wonsewu kudzaphunzira kupuma? Ndakhala ndikupuma chibadwire, adokotala."

"Mwakhala mukuchita wefuwefu chibadwire," anayankha iwo. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu ang'ono awo, awa aiwala asanawoloke mtsinje. Ntchito yowakumbutsa ndi yanu."

Ndinailandira ntchitoyo ndi manja awiri, ndipo ndisakubiseni, ndinailandira ndi kamtima konyada. Chibadwire changa wotumidwa ndinali ine: Lameki tenga ichi, Lameki thamanga uko. Tsopano ndinapeza mawu amene mkulu wanga ankayenera kuwamvera. Chakudya chikafika ndinkaphimba ndiwo ndi chikhatho kuti anzathu asayambe, n'kunena mokweza, "Pumani kaye, achimwene." Iwo ankandiyang'ana ndi diso lofiira, koma lamba ankamasula. Mudzi wonse unapeza choseka. Akazi kuchitsime ankati a Yotamu masiku ano akupemphera kawiri, pemphero loyamba la Mulungu, lachiwiri la mimba.

Koma zinathandiza. Sindinena kuti anachiriratu ayi, nyemba zikachuluka ankadandaulabe. Koma pansi pa pichesi paja panameranso udzu, masaya anabwerera, ndipo chaka chimenecho ndi chotsatira chake tirigu wawo anaposa wa munthu aliyense m'dera lathu. Zaka ziwiri zimenezo ndizo zokoma zimene ndinakhala nawo. Tikanadziwa kuti tirigu yemweyo ndi amene adzawakhazike pampando woipa, bwenzi titamusiyira mbalame. Koma paja chakudza sichiimba ng'oma.

Inu mwabadwa zipani zili mbwee, munthu n'kumanyoza mtsogoleri pawailesi, madzulo n'kukagona kwake bwinobwino. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi. Popanda khadi lake sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Kukabwera bwana wochokera ku boma, tonse tinkasiya makasu n'kukakhala pabwalo la sukulu kuyambira m'mawa, amayi akuvina, ife tikuomba m'manja pamene pakufunika kuomba. Kusamala pakamwa tinkakudziwa. Mawu ena sunkawanena ngakhale kwa mkazi wako. Koma zoti munthu azisamalanso ndi mpweya wake, palibe anatichenjeza.

Chaka china titamaliza kupuntha, kunabwera bwana wotero. Msonkhano unayenera kuyamba m'mawa, koma galimoto inafika dzuwa litapendeka, ife tili chikhalire padzuwa, m'mimba mulibe kanthu. Zolankhula zitatha alendo anakalowa m'kalasi kukadya, ndipo a tcheyamani a chipani m'dera lathu anaitana achimwene kuti akadye nawo, poti ndiwo anali mlimi woonetsa alendo. Achimwene anandikoka dzanja, "Tiye, Lameki." Ndinalowa ndikumva kukoma. Anali atalumikiza madesiki n'kuyalapo nsalu. Panali mpunga ndi nyama ya mbuzi, aliyense mbale yake ndi supuni yake. Mpunga, ana inu, umene mumausiya m'mbale kuti ulibe mafuta, ife tinkauona pa Khirisimasi pokha, zaka zina osauona n'komwe.

Titapemphera, a tcheyamani anaimirira n'kunena kuti tisanadye tikumbukire kuti chakudya ichi, mtendere uwu, ngakhale tirigu wa a Yotamu, zonse tikuziona chifukwa cha utsogoleri wanzeru wa mwini dziko. Tinaomba m'manja. Kenaka m'chipinda monse munangoti zii, aliyense kudikira kuti bwana ayambe. Bwana atagwira supuni, ndinaona dzanja la achimwene likuthamangira yawo. Ndinadziwa chimene chitsatire: mimba yopanda kanthu chiyambire m'mawa, nyama yamafuta, ndi liwiro lawo lija. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna akuluakuluwo aone kuti ifenso kumapiri kuno timadziwa za chipatala. Ndinawagunda ndi chigongono n'kunong'ona, "Pumani kaye, achimwene."

Anaika supuni pansi. Anakankhira mbale patsogolo pang'ono, anatsinzina, anakoka mpweya. Kenaka unatuluka: fuuuu. M'chipinda chachete chija unamveka mpaka kukhomo.

Tsono mumvetse. Kwathu kuno munthu suusa moyo chakudya chili patsogolo pako. Ngakhale kwa apongozi ako, ukatero ndiye kuti wanyoza wophika ndi mwini nyumba yemwe. Nanga kuusa moyo mawu ngati aja atangonenedwa kumene?

"A Yotamu," anatero a tcheyamani, mawu ali pansipansi, "mwausa moyo?"

"Iyayi, ndi za m'mimba izi."

"Za m'mimba? Ndiye kuti mawu ndanenawa akupotokolani m'mimba, eti?"

Wina anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Bwana uja anangotulutsa kabuku m'thumba la jekete n'kufunsa a tcheyamani dzina. Achimwene anatembenuka kundiyang'ana. Pamenepo ndi pamene ndikanaimirira. Zonena zake zinali zochepa: ndawauza ndine, anatiphunzitsa ndi adokotala, mudzi wonse ukudziwa. Ndinaona cholembera chikuyenda pakabuku paja, ndinaganiza za agogo anu aakazi amene anali ndi pakati pa amayi anu. Ndinaweramira mbale yanga. Ndinadya mpunga uja wonse, ana inu, mpaka njere yomaliza, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti unkakoma bwanji.

Anabwera patapita masiku atatu, m'mawa, anyamata a chipani a malaya ofiira ndi apolisi awiri. Anawapeza achimwene akukumba mbatata kudimba. Pofika tsikulo nkhani inali itakula kale. Amene anali m'kalasi ankati anausa moyo, amene anali panja ankati anatsonya, a kutsidya kwa mtsinje ankati anagwetsa mbale pansi n'kulavula. Anthu omwe aja ankaseka za pemphero la mimba, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka. Sindiwada. Ndingawade bwanji ine? Galimoto inkathera pasukulu, inkalephera kukwera kwathu, choncho anawatsitsa wapansi, manja kumbuyo, matope a kudimba akadali kumapazi.

Ndinathamangira ku Matandani kuti adokotala aja alembe kalata. Ndinapeza anasamutsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo amene analipo sankatidziwa. Kenaka ine ndi alamu tinauyamba wa ku Zalewa kukakwera basi. Lero mumakwera njinga yamoto n'kumadandaula fumbi. Ife tinayenda wapansi, kutsika m'mapiri mwathu mozizira kulowa kuchigwa kwa malambe kumene mchenga umaotcha mapazi, kugona panjira kwa anthu osawadziwa. Alamu anasenza dengu la zigumu ndi mtedza wokazinga, ati amuna anga mimba yawo siingathe zakudya za kundende. Tinazungulira maofesi m'tauni masiku awiri. Paliponse yankho linali limodzi: dzina limenelo kuno kulibe. Pomaliza mlonda wina wachifundo anatinong'oneza kuti tikapitiriza kufunsa tidzawapezadi, koma m'njira imene sitikuifuna. Zigumu zija tinadya tokha pobwerera, zitayamba kusasa.

Ulendo wonsewo alamu ankangondithokoza. "Alamu, pakanapanda inu bwenzi nditatani ine?" Iwo sanali m'kalasi muja, ndipo kunong'ona kwanga palibe wina anakumva. Kuthokoza kulikonse kunkandilasa mumtima. Sindinawauze. Ndinalima munda wawo pamodzi ndi wanga, ndinafolera nyumba yawo, ndinalera ana awo, koma pakamwa ndinatseka. Ndi nthawi imeneyo pamene chakudya chinayamba kundikanira. Ndikakhala pambale ndinkaona malo a achimwene. Tsiku lina ndinangopezeka ndamasula lamba, dzanja lili pamchombo. Nditakoka kasanu, mbamu inatsika. Chiyambire pamenepo sindinasiye.

Mvula inagwa katatu. Chaka chachinayi, masana ena, agalu anauwa munthu wina wokalamba amene ankakwera njira ya kuchitsime atagwira kathumba. Mwana wamkulu wa alamu anamulonjera mwaulemu, kumufunsa kuti akufuna kwa yani. Anali bambo ake. Tsitsi linali litachita mbuu, mano akutsogolo kulibe, mapewa aja atagwa. Sanawazengepo mlandu, ndipo powatulutsa sanawauze chifukwa. Tinalira, tinapha nkhuku, mudzi wonse unabwera, a tcheyamani omwe anabwera kudzagwira chanza.

Chakudya chitafika ndi pamene ndinaona chimene anatibwezera. Achimwene anatenga mbale n'kutembenukira kukhoma, mkono wina atazinga mbaleyo, kumeza katatu kanayi, basi yatha. Pambuyo pake anatiuzako pang'ono. Kumeneko ankadya kamodzi patsiku, mgaiwa wosapsa ndi nyemba zofumbwa, ndipo wochedwa ankalandidwa. Zina sananene, ifenso sitinafunse. Atatha kudya tsiku limenelo anazembera kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva akusanza. Patapita miyezi, m'masanzimo munayamba kuoneka magazi. Kuchipatala anatipatsa mabotolo oyera aja, koma adokotala atsopanowo anandiitanira pambali n'kupukusa mutu.

Alamu anandipempha kangapo. "Alamu, bwanji osawakumbutsa zija ankachita kale asanadye? Paja ankamvera inu nokha." Ndinkavomera, koma ndikakhala nawo pambale, mawu atatu aja ankandikanirira pakhosi. Ndinkangochita ndekha pamaso pawo kuti mwina aonere. Iwo ankayang'ana kumbali. Mumtima ndinkati andikwiyira, ndipo akuyenera kutero. Ndinkaona mbale wanga akutha, chowathandizako pang'ono ndikuchidziwa, koma mantha ndi manyazi zinandimanga. Za tsiku la mpunga lija sitinakambepo ngakhale kamodzi.

Nyengo yozizira itafika anali atasiya kuyenda. M'mawa wina tinawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa atafunda bulangete, alamu n'kupita kuchitsime atandisiyira kambale ka phala lamadzimadzi. Nditangowayandikizira analanda supuni, phala likutayikira pachifuwa, akufulumira ngati pali wina waima kumbuyo kwawo. Sindinaganize. Mawu anangotuluka okha: "Pumani kaye, achimwene."

Nditadzimva ndekha, ndinagwetsa nkhope pamawondo awo n'kuyamba kulira, bambo wa ana ndithu. Ndinanena zonse. Ndinati ndine ndinakugundani, ndine ndinakhala chete, ndinadya mpunga inu akukulembani dzina, wakuphani ndine.

Anandisiya ndilire. Kenaka ndinamva dzanja lawo pamutu panga.

"Lameki, ukadali chitsiru mpaka lero? Zaka zonsezi wasenza zimenezo?"

"Ndine, achimwene. Ndinachititsa ndine."

"Tamvera. Kupuma kwa adokotala kuja kumatuluka mwakachetechete. Unandimvapo liti kunyumba kuno ndikuchita phokoso lotero? Tsiku lija ndinausadi moyo. Ndinakhala padzuwa tsiku lonse ndikuombera m'manja anthu oti sanagwirepo chisikilo, kenaka andiuze kuti tirigu wanga wabala chifukwa cha wina. Ndinatopa, mng'ono wanga. Ngakhale ukanapanda kundigunda, mpweya uja ukanatuluka basi."

"Nanga kukhala chete kwanga?"

"Unachita bwino. Akanatitenga tonse awiri, ana awa akanadya kwa yani?" Anayang'ana mapiri. "Bwera nalo phalalo. Tandikumbutsa, paja timayamba bwanji?"

Ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pamimba pawo, pamene panali patangotsala khungu, ndipo tinakoka limodzi kasanu. Anadya masupuni atatu, pang'onopang'ono, ndipo sanasanze. Linali Lachiwiri. Loweruka tinawaika m'manda.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatembenuza mawu awo aja. Masiku ena ndimakumbuka bwinobwino kuti kunyumba ankatulutsa mpweya mosamveka, mtima n'kukhala pansi. Masiku ena ndimakumbukanso bwinobwino ana akuwatsanzira pabwalo, fuuu, fuuu, akufa ndi phwete. Zonse ziwiri ndimaziona ndi maso. Woti ndimufunse palibe. Alamu anatsatira amuna awo osadziwa kuti pali funso, ndipo inu ndinu oyamba kuimva nkhaniyi, amayi anu omwe sakuidziwa. Achimwene anga anali munthu waukali, wopupuluma, koma bodza ankadana nalo, sindinawagwirepo nalo ngakhale la nthabwala. Ngati m'mawa uja pakhonde ananama, ndiye kuti linali bodza lawo loyamba ndi lomaliza, ndipo analinena kuti ine ndizidya.